Chisankho chinatha koma ine ndi achimwene anga sitikuyankhulanabe

Bambo a Tadala, Matawale
Abale pagulu pano mundipirire lero ndilemba zambiri, nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira tsiku lija analumbira pulezidenti Mutharika pa 4 Okutobala 2025 ndipo ndikaiyamba kunyumba mayi a Tadala amangoti pitani mukawaone basi, koma ine mwendo ukulemera.

Kwathu ndi ku Jali. Tinabadwa anayi, amuna awiri, ine ndi achimwene anga aakulu amene anandilipirira fizi ya sekondale ndi ndalama za mpunga ndi matemba amene amakapikula ku Kachulu bambo athu atamwalira. Iwowo ndi a DPP kuyambira 2005 pomwe Bingu anachoka ku UDF nkuyambitsa chipani chake, sanasunthepo olo tsiku limodzi, kalendala ya Bingu ya 2009 ikadali pakhoma pabalaza pawo yachita kuda ndi utsi koma palibe amene angaichotse. Chifukwa chawo nchimodzi, amati zaka zimene anakolola mpaka nkhokwe kuchepa ndi zija za makuponi a K500, zina zonse kwa iwo ndi phokoso chabe.

Ine 2019 ndinali wa Chilima ndi mtima wonse. Ndinali monita pa senta ina, pa 21 Meyi tinachezera mkalasi kuwerenga mavoti, batire la nyali litatha tinayatsa matochi a mafoni, ndinabwera kunyumba mmamawa fomu ndaipinda mthumba la malaya ngati ndalama. Atalengeza kuti a Mutharika apambana ndi 38 peresenti ndipo nkhani ya tipeksi itamveka ndinatseka shopu kangapo kupita ku mademo, dzina limene timakuwa kuti atule pansi udindo linali la mayi Jane Ansah. Pa 3 Febuluwale 2020 sindinakonze foni olo imodzi, tinazungulira wailesi kuyambira mmawa mpaka mdima majaji asanu aja akuwerenga chigamulo, atanena kuti chisankho chibwerezedwe pasanathe masiku 150 ndinalira pamaso pa makasitomala.

Ndiye titapambana pa 23 Juni paja, patapita masabata ochepa tinakumana kumudzi kumanga chiliza cha bambo. Tikudya nsima pansi pa mango, alamu anga ali pomwepo, ana awo ali pomwepo, amalume ali pomwepo, wina anangoyamba nkhani ya ndale mocheza ine nde ndinaitenga. Ndinawauza achimwene kuti nthawi ya makadeti yatha ndipo anthu ngati inu ndi amene mwasaukitsa dziko lino chifukwa mumangovotera Mlomwe mnzanu osaganiza. Taganizani, ine ndemwe Mlomwe wa mimba imodzi ndi iwowo. Sanayankhe kanthu. Anasamba mmanja nsima isanathe, anatenga njinga yawo nkumapita. Kuyambira tsiku limenelo ndi moni wa pamaliro basi, zaka zisanu.

Chimene chikundisowetsa tulo nchakuti pa 16 Seputembala chaka chino cha 2025 ndinalowa mkachipinda kaja ndikuchonga pa chimanga. Munthu yemweyo amene ndinawanyozera achimwene, ndipo wachiwiri wake ndi mayi omwe aja ndimawakuwiza mumsewu. Akudziwa ndi akazi anga okha, lero mwadziwa inu. Tsono ndipite ndikawauze kuti nanenso ndinavotera Adadi? Kapena ndikangopepesa osatchula za voti? Ndipo mundiuze zoona, kodi ine ndine munthu wopanda mbali?

Nachisale wa ku Chinamwali
Achimwene pitani mukapepese koma za voti zisiyeni. Mukakayamba ndi zoti nanenso ndinavotera a Peter zikamveka ngati mwabwera chifukwa chipani chawo chawina. Inu munalakwira munthu amene anakuphunzitsani, pamaso pa ana ake. Nkhani ndi imeneyo.

Wakabaza wa pa depoti
Palibe chamanyazi apa biggy. Tonse tinachonga pomwepo. Amene sanagone pa filing'i siteshoni ndi amene angakufunseni zoti mbali mbali

Agogo a ku Sadzi
Mwana wanga Bambo a Tadala, ndawerenga kawiri. Ndilembe pang'onopang'ono poti maso ndi zala sizikugwirizananso.

Ine ndinagwira ntchito ya boma kuno ku Zomba likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo nyumba ya malamulo inatsala konkuno mpaka 1994, nde zandale timazionera pafupi. Ana a lero mukamva kuti munthu sangavotere tambala wakuda mumaona ngati ndi kuuma mutu. Ife timalowa mumsika wa Zomba uno titaonetsa khadi la chipani pageti, anyamata a malaya ofiira ataima pamenepo, ukaiwala khadi ubwerere ndiwo osagula. Mu Meyi 1983 a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga anawagwira konkuno ku Zomba, mitembo yawo inakapezeka ku Thambani ku Mwanza nkumatiuza kuti ndi ngozi ya galimoto. Muofesi tonse timadziwa kuti si ngozi koma palibe anayang'ana mnzake kumaso sabata yonse. Mikuyu ili apa, timaona malole akupita.

Nde kalata ya maepiskopi itawerengedwa mmatchalitchi mu Malichi 1992, ana a pa Chancellor College nkutuluka mumsewu, kenako riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndinavotera nyali, 1994 ndinavotera a Muluzi, ndinalumbira mumtima kuti dzanja langa silidzakhudza tambala mpaka kumanda. Sikuti a UDF ndimawakonda kwambiri ayi, za teremu yachitatu zija zinandinyansa, koma chilonda changa chinali kwina.

2020 ndinaphwanya lumbiro. Adzukulu anandikhalira pansi kuti agogo MCP ya lero si ija, muli Chilima, muli amayi Joyce Banda, muli zipani zisanu ndi zinayi. Ndinachonga koma cholembera chimanjenjemera, nditatuluka ndinakhala kaye pa khonde la kalasi. Chaka chino sindinabwerezenso. Ndiye ine simungandiuze kuti wosintha voti alibe mbali, poti nanenso ndasinthapo. Koma achimwene anuwo muwamvetse, munthu akakakamira chipani pamakhala chimene anaona ndi maso ake, kaya ndi chilonda ngati ine kaya ndi nkhokwe yodzadza ngati iwowo. Inu munatenga nkhokwe yawo ija nkuitcha tsankho la mtundu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndi umenewu mwaupezawu.

Bambo a Tadala, Matawale
Agogo zikomo, mawu omalizawo alowa.

Aphunzitsi a ku Mpondabwino
Ine ndiyankhule ngati munthu amene analuza, poti pagulu pano tikuoneka kuti tilipo ochepa kapena enanu mukungobisala. Ndavotera a Chakwera kanayi, 2014, 2019, 2020 ndi chaka chino, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Kwathu ndi ku Dowa koma ku Zomba kuno ndakhala zaka 16, ana anga onse anabadwira konkuno ndipo amayankhula ngati a konkuno.

Sindikukana kuti zinthu zinadula, nanenso ndimagula shuga yemweyo, malipiro anga anasungunuka pomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma tiyeni tizinena zonse. Boma lija linalowa Covid ili mkati, 2022 kunabwera Ana ndi Gombe, kolera, nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza dziko lonse lapansi, 2023 Freddy amene ife a ku Zomba sitikufunika kuuzidwa, kenako chilala cha 2024. Ngongole zina anazipeza. Ine ndimaona kuti zaka zisanu zina mwina zikanaoneka zipatso. Anthu anaona mosiyana, chabwino, ndi demokalase.

Chimene chinandipweteka si kuluza ayi. Ndi masiku asanu ndi atatu aja tikudikira MEC. Mu sitafu rumu anthu amene ndadya nawo limodzi zaka zonsezi, amene ndinawaperekeza pa maliro a makolo awo ku Mayaka ndi ku Chingale, ndikalowa nkhani imaduka. Wina anachita kunena ndikumva kuti Achewa azipita kwawo akalime fodya. Anaseka, ndipo mwina kwa iye zinali nthabwala, koma ine ndinapita kuchimbudzi kukapukuta misozi ndisanalowe mkalasi. Nde Bambo a Tadala mawu amene munawauza achimwene anu aja ine ndikuwadziwa kulemera kwake, ndawalandirapo kuchokera mbali inayo.

Ndipo chimodzi mundilole ndinyadire. Pa 24 Seputembala a Chakwera anayankhula ku mtundu masana kuvomereza kuti agonja MEC isanalengeze nkomwe, anaimbira foni a Mutharika. Palibe tayala linaotchedwa mu Zomba muno usiku umenewo chifukwa cha zotsatira, ana anapita ku sukulu mawa lake.

Wakabaza wa pa depoti
Madam ulemu wanu koma za Ukraine zo ife zinatikwana. Ine njinga yamoto ndi ya bwana, tsiku lililonse ndimayenera kupereka ndalama yake kaya ndayenda kaya sindinayende, ndiye uime pamzere kuyambira 4 koloko mmawa mpaka dzuwa kulowa mafuta nkutha pakutsala njinga zitatu kuti ufike, upite ukagule wa mmabotolo mtengo kuwirikiza, ukakweza mtengo wa ku Thondwe kasitomala akuti ndiwe wakuba. Anatiuza ntchito 1 miliyoni, anatiuza kudya katatu, feteleza wa K4,495 tinamuona chaka choyamba chokha kenako thumba kusitolo linadutsa K100,000 mayi anga kumudzi analima opanda feteleza zaka ziwiri. 2020 ndinavotera Tonse ineyo, palibe anandipatsa kobiri. Chaka chino ndawachotsa ndipo awanso akapanga zomwezo 2030 ndiwachotsa, ine chipani changa ndi poto wa kunyumba kwanga

Aphunzitsi a ku Mpondabwino
Achimwene sindikutsutsani za mzere wa mafuta, ndinakuonani ndi maso anga mutagona pa njinga. Malonjezo aja anachulukadi ndipo ena sanayenera kunenedwa nkomwe. Ine ndimangopempha kuti amene tinavotera kwina tisamaonedwe ngati adani kapena alendo.

Wakabaza wa pa depoti
Apo nde ndagwirizana nanu madam, wonena za Achewa uja analakwa. Ineyo mkazi wanga ndi wa ku Ntchisi

Mayi a Upile, Domasi
Ine nkhani yanga ndi ya amayi anga ondibereka. Ali ndi zaka za mma 70 ndipo chiwavotereni amayi Joyce Banda sanasiye. 2009 anavotera Bingu chifukwa wachiwiri wake anali mwana wa kwathu kuno kwa Malemia, Epulo 2012 Bingu atamwalira amayi nkulumbira kukhala pulezidenti kunyumba kwathu kunaphikidwa mpunga ngati pa Idi. 2014 ataluza nkukhala nambala 3 amayi anga anadwala masiku atatu osadya bwino. Ukawauza za Cashgate amati iwowo ndi amene anaulula nkumanga anthu, ukawauza kuti kwacha anaigwetsa amati koma mafuta anabwera, yankho amakhala nalo nthawi zonse.

Chaka chino ndinawauza kuti amayi voti yanu mukungoitaya, PP siwina, ngakhale mwana akudziwa kuti mpikisano uli pa anthu awiri. Anandiyang'ana nkunena kuti iwe ukadwala ndimasiya kukuphikira phala chifukwa suchira msanga? Nsalu yawo ya olenji inatha kale mtundu, anaichapa dzulo lake nkuiyanika, koma poti kovotera saloleza zovala za chipani anaipinda nkuisiya pa mkeka, atabwerako anaivala nkukhala pakhonde tsiku lonse chala cha inki chili poyera.

Ine ndinavotera wina, sindinena. Koma sindinawatsutsenso. Kukhulupirika kwa amayi angawo ine sindikutha kukutcha umbuli ngakhale mutu wanga umandiuza kuti dziko silingayende choncho, anthu akumavotera munthu poti ndi wa kwathu. Zonse ziwiri ndimazimva mumtima mwanga nthawi imodzi.

Che Bwana wa ku Songani
Chimodzimodzi kwathu ndi chikasu. Bambo anga mpaka lero akamati boma amanena Atcheya. Atupele 2014 tinamuvotera, 2019 tinamuvotera pomwe anali nduna mboma la DPP, 2020 anatiuza tivotere a Mutharika poti iye ndi wachiwiri tinatsatira, chaka chino waimanso payekha. Ife otsatira timangotembenuzidwa ngati chimanga chowotcha, akuluakulu akagwirizana ku hotela ife timamvera pa wailesi. Apa mpamene ine ndinayamba kufunsa kuti kodi kukhulupirikaku nkwa mbali imodzi yokha?

Mtsikana wa ku Chikanda
Ine ndine wophunzira, aka kanali koyamba kuvota. Funso la Che Bwana ndi limene ndimafuna kufunsa. Taonani okha atsogoleriwo. Bingu analowa pa tikiti ya UDF 2004 chaka chisanathe anachoka. Amayi Joyce Banda anali a DPP anayambitsa PP. A Chilima anali wachiwiri wa a Mutharika kuyambira 2014, 2018 anayambitsa UTM, 2020 anagwirizana ndi a Chakwera. A Kabambe anali a DPP asanapite ku UTM. Aphungu nde osanena, akangoona kumene kwalowera boma amasamuka. Iwowo akasintha amati ndi ndale, ife tikasintha voti akuti tilibe mbali, mpaka pachibale kudana zaka zisanu pomwe eni akewo pamaliro amakhala tenti imodzi kupatsana moni akumwetulira.

Ine ndinalembetsa chifukwa cha a Chilima, ndili ku sekondale ndimati voti yanga yoyamba idzakhala yawo. Pa 10 Juni 2024 tili mu hositeli tinamva kuti ndege yasowa, usiku wonse palibe anagona aliyense ali pafoni, mawa lake atalengeza kuti yapezeka ku Chikangawa ndipo onse asanu ndi anayi apita atsikana ena anagwa pansi mu korido. Kuyambira pamenepo sindinadziwenso kuti ndine wa ndani. Ndinavoterabe UTM podziwa kuti a Kabambe sawina, ndimaganiza kuti mwina palibe afike 50+1 ndiye pakhala chibwereza ndipo zipani zing'onozing'ono zikhala ndi mawu. Anthu 17 pa balota koma zinathera ulendo umodzi, 56.8 kwa 33 peresenti, mavoti oposa 3 miliyoni kwa munthu mmodzi. Ndinadabwa kwambiri chifukwa pa Facebook ndi TikTok panga pamaoneka ngati dziko lonse ndi lofiira. Ndinaphunzirapo kuti foni yanga imangondionetsa anthu oganiza ngati ine.

Nachisale wa ku Chinamwali
Za mafoni zo usanene mwana wanga. Masiku odikira aja bando imatha ngati madzi, aliyense akutumiza zotsatira zake, uyu akuti wawina uyu, uyo akuti ayi zathu zikuonetsa zina, mavoyisi noti a anthu osadziwika akuti ndili mkati mwa BICC ndikuona ndi maso. Ine BP inakwera mpaka ndinazimitsa data, ndimangodikira mayi Mtalimanja akamayankhula pa wailesi madzulo basi. Amachedwa inde koma ndinaona kuti bola kuchedwa kusiyana ndi za 2019.

Mnyamata wa ku 3 Miles
Ine sindinavote ndipo musandinene. Ndinalembetsa koma tsikulo ndinapeza ganyu yonyamula njerwa, ndinasankha ganyu. Onsewa ndi amodzi

Agogo a ku Sadzi
Mdzukulu wanga sindikunena, njala ndimaidziwa. Koma kuti ndi amodzi ayi. Ine ndakhalapo nthawi imene mawu amene walembawa akanakugoneka ku Mikuyu. 2030 udzapite mmamawa, mzere wa 6 koloko sumachedwa, ganyu udzaipeza.

Adimini
Abale ndachotsa mameseji awiri, wina anayamba kutchula mitundu ya anthu mwachipongwe. Nkhani ikuyenda bwino, tiyeni tipitirize mwaulemu. Zithunzi za zipani ndi mavidiyo a misonkhano pano ayi.

Aphunzitsi a ku Mpondabwino
Bambo a Tadala ndibwerere kwa inu, ndipo mundikhululukire ngati funsoli likhale lowawa. Tiyerekeze kuti boma la Tonse linayenda bwino, feteleza anakhalabe wotchipa, mafuta osasowa, a Chilima ali moyo ndipo chaka chino ndi amene awina. Mukanaganiza zopita ku Jali kukapepesa? Chifukwa ngati mukupita poti zinthu zaonetsa kuti achimwene anu amanena zoona, ndiye kuti mukukapepesa chifukwa choluza mtsutso, osati chifukwa cha mawu aja. Ndipo a Mutharika akadzalephera mudzayambanso kuwaona achimwene anu ngati osaganiza.

Bambo a Tadala, Matawale
Madam ndakhala ndi funso lanuli kuyambira masana, ndinalemba yankho kawiri nkufufuta. Zoona zake nzakuti mwina sindikanapita. Zaka ziwiri zoyamba zija ndimadziona wolungama, ndimati iwowo ndi amene akuyenera kubwera kudzavomera kuti ndimanena zoona. Mwana wawo wamkazi atakhoza mayeso a fomu 4 ndinamva kwa achemwali athu, sindinaimbe foni. Freddy atagwetsa khitchini yawo ndi mbali ina ya nyumba ndinatumiza ndalama kudzera kwa achemwali omwewo nkuwauza kuti asanene kuti zachokera kwa ine, panthawiyo ndimati ndi kudzichepetsa koma lero ndikuona kuti kunali kuthawa kuonana nawo maso. Ndinayamba kufewa pomwe shopu inayamba kugwa, ma sikirini a foni ndikaoda lero sabata yamawa mtengo wina, makasitomala kusiya mafoni miyezi osawatenga poti alibe ndalama. Ndiye inde, njala ndi imene inanditsegula maso osati chikondi, ndipo zimenezi zikundichititsa manyazi kuposa voti ija.

Koma pali china chimene sindinalembe poyamba. Tsiku lovota nditaima pamzere kutsogolo kwanga kunali bambo wina wachikulire atavala jekete yong'ambika pa chigongono, atagwira kachiphaso kake mu pepala la pulasitiki la shuga, kaimidwe kake ndendende achimwene. Ndinakumbuka 1999 akunditenga pa njinga kuchoka ku Jali kudzandisiya ku sukulu, thumba la ufa kumbuyo ine pa chitsulo, pokwera mtunda amatsika nkumakankha ine ndili pompo. Ndinafika pa tebulo la inki maso ali ofiira mpaka mayi wa MEC anandifunsa ngati ndili bwino. Pamenepo za chimanga kapena tambala munalibe mmutu mwanga.

Aphunzitsi a ku Mpondabwino
Zikomo poyankha mosabisa. Zimene mwalemba mmunsizi ndi zimene mukawauze, za njingazo.

Che Bwana wa ku Songani
Koma osangotulukira ngati mvula achimwene. Nkhani inachitika pamaso pa amalume, ndiye idzere kwa amalume omwewo. Mukawapeze kaye iwowo, muwauze kuti ndinalakwa ndikufuna mundiperekeze. Ndipo popepesa alamu anu ndi ana akhalepo poti manyazi anawachitira pamaso pawo. Osanyamula katundu wambiri ngati mukukagula chikhululuko, shuga ndi sopo wa alamu basi.

Mayi a Upile, Domasi
Ndipo akakayamba okha za ndale, poti a DPP pano mitima ili mmwamba, inu mukangomvetsera. Mwina akakunyozaniko pang'ono, mukapirire, zaka zisanu akhala nazo. Za voti yanu akadzafunsa okha mudzawauze, asanafunse ayi.

Wakabaza wa pa depoti
Biggy mukafuna transipoti ya ku Jali mundipeze pa depoti, mungothira mafuta ine ndikakusiyani ndikakudikirani

Mtsikana wa ku Chikanda
Ankolo ine ndikufunsabe, nanga kuvotera mayi amene mumawachitira mademo aja mumtima mwanu munazikonza bwanji? Sindikunyoza, ndikufuna kumvetsa chifukwa anzanga ambiri anachita chimodzimodzi ndipo palibe amandiyankha bwinobwino.

Bambo a Tadala, Matawale
Mwana wanga sindinazikonze. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chisankho cha 2019 chinayendetsedwa molakwika, makhothi awiri ananena, la Constitutional mu Febuluwale ndi la Supreme mu Meyi, ndipo mademo aja sindikunong'oneza nawo bondo chifukwa 50+1 imene tikuyendera lero inachokera mu mlandu umenewo. Pa balota ndinaona dzina lawo pansi pa la a Mutharika, ndinaima kaye, kenako ndinaganiza za lendi ya shopu ndi fizi ya Tadala ndikuchonga. Ndinatuluka ndilibe chimwemwe ngati cha 2020, usiku wa pa 24 anthu akuimba malikhweru ndi mahutala mu Matawale ine ndinali mnyumba chitseko chotseka. Ngati achita bwino ndidzayamika, ngati ayi ndidzachita ngati achimwene a kabazawa. Koma malaya a chipani chilichonse sindidzavalanso, a UTM aja mayi a Tadala anawasunga pansi pa sutikesi poti pali nkhope ya malemu.

Agogo a ku Sadzi
Mupite mvula isanagwe. Ikangogwa aliyense amakhala kumunda ndipo mudzapeza chifukwa china chozengerezera.

Bambo a Tadala, Matawale
Abale ndabweranso. Usiku ndinaimbira amalume, anakhala chete kanthawi kenako anati unachedwa kuti. Akuti Loweruka ali ndi maliro a kwawo kwa akazi awo ku Mayaka ndiye tipite Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Mmawa uno ndinalimba mtima kuyesa nambala ya achimwene, inaitana mpaka kuduka sanayankhe, kaya anaona dzina langa kaya foni inali pa chaji kwa aneba sindikudziwa. Patapita ola alamu anandiflasha, nditaimba anati bambo ali kumunda akumalizitsa mizere ya kumtunda kuja, akhala akulima okha poti anyamata onse ali ku Blantyre. Ndinawauza kuti ndikubwera Lamulungu ndi amalume. Sanafunse kuti kudzatani, anangoti mubwere ndi Tadala poti azibale ake anamuona komaliza ali wakhanda.

Achimwene a kabaza nditumizireni nambala ku inibokosi, tikhala awiri ndi mwana ndiye mwina mupeze mnzanu wa njinga ina, tinyamuke cha mma 9.